Mng'alu pa Phiri la Che Abasi

"Ndinu wakuba, Che Abasi! Mwatibera ndi manja anu omwewa!"

Enifa sananene n'komwe odi. Anangolowa m'kachisakasa ka mkuluyo, thukuta lili kamukamu, n'kumenyetsa pepala pa benchi yosemerapo. Kumbuyo kwake kunali mudzi wonse wa kwa Malindima, amayi ana ali kumsana, abambo atakunga zibakera.

Pepalalo linali positala. Pamwamba pake panali chithunzi cha phiri la Zomba, chithunzi chimene aliyense m'chigwa cha Domasi ankadziwa mwini wake. M'munsi mwake munali mawu akuluakulu: KAUNJIKA WAULERE WA KHIRISIMASI. LACHINAYI M'MAWA PA BWALO LA KU SONGANI. A KWA MALINDIMA OKHA. BWERANI BANJA LONSE, WOSAONEKERA SALANDIRA.

Ndiye anthu anapitadi banja lonse. Unali Disembala wa 1999, mvula itagwa bwino koma m'matumba muli mbee. Anamanga zitseko ndi timawaya, nkhalamba anazikweza pa njinga, nakaima pa mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linapendeka. Kaunjika sanabwere. Pobwerera kumudzi anapeza zitseko zili yasa. Mawailesi, mabulangete, matumba a mpunga wa mbewu, ndiponso makina osokera a mayi ake a Enifa, zonse zitapita. Pa matope panangotsala mizere ya matayala a galimoto.

Che Abasi anatola pepalalo ndi zala zawo zakuda ndi inki. Anali munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wowonda ngati bango, kofia yoyera ili kumutu. Analiyang'ana, kenako anayang'ana mtsikanayo.

"Mwanangu, phirili ndi langa. Mawuwa si anga."

"Thabwa lili kuti?"

Aliyense ankadziwa kagwiridwe kawo ka ntchito. Ankagoba chithunzi pa thabwa ndi timawaya ta ambulera tonola, n'kulipaka inki yopanga okha kuchokera ku mwaye wa nyali, n'kuyalapo pepala. Popanda thabwalo, phiri silikanatuluka.

"Anatenga a Likoswe. Ndinawadindira mapositala makumi atatu otsatsa malonda awo a Khirisimasi. Loweruka, pobwera kudzatenga, anapempha ndi thabwa lomwe kuti akalipachike m'sitolo."

Mitu yonse inatembenuka. A Tobias Likoswe, eni sitolo yaikulu ya ku Songani, mkulu wa mpingo, anali ataima kumbuyo chipewa chili m'manja. Tsiku lonselo anali nawo limodzi pa bwalo, akutungira ana madzi akumwa.

"Ine?" Anaika dzanja pachifuwa. "Abale anga, thabwa lakuda bii ndikachite nalo chiyani? Ndinatenga mapepala anga basi. Che Abasi, muope Mulungu. Mwezi uno wa Ramazani si wopatulika kwa inu?"

"Mwamva!" anakuwa Enifa. "Che Abasi alitentha thabwalo kuti abise umboni!"

Mawu amenewo ndi amene anatsegula khola. Benchi inagubuduzika, chitini cha inki chinatayika, wina anaponda dzanja la mkuluyo ndi nsapato ya tayala. Akanapanda kutulukira Kizito, wapolisi wachinyamata wa pa kapolisi ka m'mbali mwa msewu, n'kuponya njinga yake pakati pa anthu, sitikanakhala tikunena za munthu wamoyo.

"Aliyense abwerere m'mbuyo! Munthuyu ali m'manja mwa boma. Mawa folo koloko ikubwera galimoto, apita ku Zomba."

Akuwatulutsa, Che Abasi anadutsa pafupi ndi Enifa. Sanamutukwane. Anangomupatsa positala ija, ngati munthu wobweza chinthu chimene mnzake wagwetsa.

* * *

Kutacha Lachisanu, Enifa anapeza mayi ake atakhala pa mpando wawo wa masiku onse, patsogolo pawo palibe kanthu. Mapazi okha ndi amene ankapalasa pansi, kupondaponda makina omwe kunalibe.

Mtima wa mtsikanayo unawiranso. Pa khoma panali positala ina ya Che Abasi, yeniyeni ija yotsatsa shuga ndi sopo wa a Likoswe. Anaimatula yekha pa mtengo wa mango sabata yathayo, monga anachitira anthu ambiri, chifukwa inali yokongola moti kuisiya pa mvula kunkaoneka ngati tchimo. Anatambasula dzanja kuti aing'ambe.

Dzanjalo linaima panjira.

Iwe, chinthu chimene chija! Pepala wamba, inki yakuda yokha, koma phiri linali litaimirira ngati likupuma. Mbali imodzi kunkagwa mvula, ndipo munthu ukanatha kuloza kumene mphepo ikuchokera. M'munsi munali minda ya mpunga, phesi lililonse palokhapalokha, ndi mtsinje wa Domasi ukukhotakhota pakati. Kumwamba kunali nyenyezi yaikulu ya Akhirisitu, pambali pake kamwezi kowonda ka Asilamu, pakuti chaka chimenecho Khirisimasi inagwa mkati mwa Ramazani. Munalibe munthu kapena nyama m'chithunzicho, komabe chigwa chonse chinali chamoyo. Munthu wosapita kusukulu, ndi waya wa ambulera!

"Manja otere n'kukhala akuba," anadzilankhulira, mano ali gwa.

Anatulutsa positala yabodza ija n'kuiika pambali pa inzake, kuti aone bwino chinyengocho. Phiri lomwelo. Mvula yomweyo. Koma pa yabodzayo panali mzere woyera wochokera pa nsonga ya phiri, kudula mitengo, kudula minda, mpaka kukatulukira pansi. Anayamba waganiza kuti ndi mtsinje wachiwiri. Anabwerera pa yeniyeni ija. Mzerewo unalipo, inde, koma kafupi ngati nsidze, pansi pa nyenyezi pokha.

Thabwa limodzi lingabale bwanji mapiri awiri osiyana?

* * *

"Wabwera kudzamalizitsa?" anafunsa Kizito atamuona pa khonde la polisi. "Dzulo sunakhute?"

"Achimwene, ndiloleni ndiwafunse funso limodzi."

"Sitetimenti ndatenga kale. A Likoswe anali pa bwalo tsiku lonse, mboni ndi mudzi wanu womwe. Mkuluyu anali yekha m'chisakasa, mboni ndi nkhuku. Iwe ukufuna chiyani china?"

"Funso limodzi basi. Mukakana ndikhala pompano mpaka mundimange inenso."

Kizito anapukusa mutu, nakatsegula chitokosi. Che Abasi anatuluka akutsimphina ndi kutsokomola, milomo itauma gwa. Dzanja lamanja linali litatupa ngati chinangwa chophika. Enifa anaona kapu ya madzi ili pakhomo yosakhudzidwa. Anali akusala, ngakhale m'menemo.

Anayala mapepala awiri aja pansi osawapatsa moni.

"Mzere uwu n'chiyani?"

Mkuluyo anagwada. Dzulo m'chipwirikiti muja sanaone bwino. Tsopano anayendetsa chala pa mzere wautaliwo kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo nkhope yawo inasintha. Pomenyedwa sanalire, koma apa misozi inalengeza.

"Alitsuka ndi madzi," ananong'ona. "Thabwa langa alitsuka ndi madzi, n'kuliyanika padzuwa."

"Mukudziwa bwanji?" anafunsa Kizito.

"Bwana, uwu ndi mng'alu. Thabwalo ndi la mbawa, linali ndi kamng'alu kakang'ono pamwamba. Ndinakabisa pansi pa nyenyezi. Ukamadinda umatikita kumbuyo kwa pepala ndi supuni, ndiye pepala lililonse kamng'aluko kamayenda pang'ono, ngati tsitsi limodzi. Loyamba ndi lomaliza sangafanane. Koma kudumpha chonchi, kuchoka pa nyenyezi kufika m'minda? Ayi. Mtengo wamwa madzi, dzuwa n'kuuphulitsa. Wosema aliyense amapukuta ndi palafini. Ine kulitsuka ndi madzi, kuli bwino nditsuke mwana wanga ndi makala amoto."

Kizito anakanda m'mutu. "Nkhani yokoma. Koma mapepala awiri si umboni. Mwina ena mwa makumi atatu ajanso ali ndi mzere wautali."

"Asonkhanitseni muone," anatero Che Abasi. "Adzaima okha pa mzere, wamkulu kutsogolo, wamng'ono kumbuyo."

"M'mitengo mulibe ndi imodzi yomwe. Anthu anamatula zonse."

"Ndikudziwa kumene zili," anatero Enifa, atagwira kale njinga ya wapolisiyo.

"Iwe! Njinga ya boma imeneyo!"

"Boma lake ndi lomwe lino, achimwene. Folo koloko isanakwane ndabwera."

* * *

Anayambira kwa mai Scholastica, mtsogoleri wa kwaya ya amayi, amene anakhoma yawo pakati pa kalendala ya tchalitchi ndi chithunzi cha malemu amuna awo.

"Mwana wanga, ine sindinabe ayi, Ambuye ndi mboni. Ndinangoisunga kuti mbuzi zingadye. Ukaona bwino nyenyeziyi, ndi ya ku Betelehemu yeniyeni. Usiku ndikayatsa nyali imachita ngati ikuphethira. Ndiye munthu wojambula nyenyezi yotereyi akabe mabulangete? Ine dzulo ndinali komweko, ndinakuwa nawo, koma sindinagone. Tenga, koma ubweze. Usaipinde! Ndati usaipinde, iwe!"

Ku Naisi anapeza Jabir, wometa tsitsi, atamata zitatu m'kabaabashopu kake.

"Aaa, sisi, mwabwera kudzandilanda makasitomala? Anthu amabwera kudzameta kuti aziyang'ana zimenezi. Wina anakhala mpaka ndinamupala mpala osazindikira. Mdala uja ndi dolo, sisi, osati masewera. Ndiye mwamva? A Likoswe anadandaula pompano, akuti mapositala akongoletsa, anthu akungoba, za shuga sakuwerenga. Ndinati bwana, ndiye kutsatsa kwake kumeneko, dzina lanu lagona m'nyumba iliyonse! Sanaseke."

"Abodzawa anamata ndani?"

"Zimenezo sindinaone. Tinangodzuka Lachiwiri ali m'mitengo ya njira ya kwanu kokha. Koma Lachitatu inaima pikapu yoyera apa, anyamata awiri achilendo, akufunsa njira yachidule ya kwa Malindima yosadzera pa Songani. Nambala sindinagwire, sisi, ine ndimagwira mitu."

Enifa anapalasa. Analowa m'nyumba za aphunzitsi, m'tiyirumu, kwa wokhoma zidebe, kwa sisitere wina wopuma ntchito. Kwina anapempha mwaulemu, kwina anakalipa, pena anachita kulumbira kuti abweza. Paliponse ankapeza chimodzimodzi: pepala la malonda a sopo litakhomedwa pa malo aulemu m'nyumba, Mkhirisitu akuloza nyenyezi, Msilamu akuloza mwezi, aliyense akuti n'chake.

Dzuwa litapendeka pang'ono anabwerera ku polisi, malaya atamatirira kumsana, ali ndi mapositala enieni khumi ndi asanu ndi anayi, ndi abodza asanu.

* * *

Anawayala pa simenti ya khonde. Che Abasi sanakhudze ngakhale limodzi. Kizito ndi Enifa ndi amene ankasuntha, akuyeza mng'alu ndi kachitsotso ka udzu. Ili patsogolo. Ayi, ili ndiye lalifupi. Bweretsa ilo.

Atamaliza anaimirira kuti aone mzere wonse.

Mapiri khumi ndi asanu ndi anayi anali atandandalika kuchokera ku chitseko mpaka ku masitepe. Pa loyamba mng'alu unali kadontho chabe. Pa lachiwiri unali utatulutsa mutu. Ukamayenda m'mbali mwa mzerewo ukuyang'ana pansi, kamzere koyerako kankamera pamaso pako ngati muzu wa nyemba, pang'onopang'ono, osabwerera m'mbuyo, osadumpha. Masiku awiri a ntchito ya munthu anali atagona pa simenti, ola lililonse pamalo pake. Amayi ena amene ankapita ku chigayo anatula matumba, naima chapatali, manja ali pakamwa. Mwamuna wina anavula chipewa osadziwa chifukwa chake.

"Mayo ine," anatero Kizito motsitsa. "Thabwa limakumbukira."

Pa lomaliza lenileni mng'alu unali utangofika pa mitengo yoyamba ya pamwamba pa phiri. Kenako panabwera abodza asanu aja, onse phiri litang'ambika pakati mpaka pansi.

"Tembenuzani," anatero Che Abasi.

Anatembenuza. Kumbuyo kwa enieni kunali timizere tozungulira tonyezimira, mapazi a supuni, tosanjikizana bwino ngati mamba a nsomba. Kumbuyo kwa abodza kunali mikwingwirima yowongoka, yokhadzula pepala.

"Uyu anagubuduza botolo," anatero mkuluyo. "Ndi munthu wa changu. Ndipo nunkhizani. Iyo si inki yanga, ndi penti wa zitseko."

Enifa anayang'ana dzanja lotupa lija. Iye amene kuyambira ali mwana ankamenyana ndi aliyense wonamizira mnzake, iye amene anasiya sukulu Fomu Thu atatsutsana ndi mphunzitsi wokwapula mwana wosalakwa, ndi amene dzulo anakuwa koyamba.

"Achimwene, atsegulireni azipita."

"Sizitheka choncho." Kizito anayang'ana wotchi yake. "Ine ndakhulupirira, koma bwana wanga wa ku Zomba sadzanunkhiza mapepala. Adzati mkuluyu anabwereka thabwa kwa anzake akuba, iwo n'kudinda. Izi zikuonetsa kuti anadinda ndi manja ena. Sizikutchula dzina. A Likoswe akuti thabwa sanaligwirepo, ndipo sindingakasecha sitolo ya mkulu wa mpingo chifukwa cha mawu a munthu womangidwa. Hafu pasiti fili iyi. Akakalowa rimandi lero, makhoti atseka, mlandu udzamveka chaka chamawa. Ndi chifuwa chawochi…" Sanamalize.

Nthawi yomweyo panafika mayi wachikulire wamfupi, atafunda mpango wakuda, kamtolo kali pamutu. Anali a Bibi, akazi awo a Che Abasi. Sanayang'ane Enifa. Anatula kamtoloko pamapazi pa wapolisi.

"Sikomo, bwana. Za paulendo. Bulangete. Chinangwa chofuturu, akamamasula kusala dzuwa likalowa. Mchere."

"Lamulo likuti ndione kaye, amayi."

Kizito anamasula. Anakutumula bulangete, anatembenuza chinangwa, kenako anatola kampukutu ka mchere n'kukafunyulula. Mchere unakhuthukira m'dzanja lake. Maso ake anagwera pa kapepala kokulungirako.

Kanali kachidutswa ka phiri. Minda ya mpunga, ndi mzere woyera wautali ukudula pakati.

"Che Abasi," anatero Kizito, mawu atasintha, "pepala la akuba lija latuluka m'katundu wa kunyumba kwanu."

* * *

Anthu a pamsewu aja anayamba kung'ung'udza. Wina anati, "Si mwaona!" Enifa analanda kapepalako.

"Dikirani! Amayi, mcherewu mwautenga m'nyumba?"

A Bibi anamuyang'ana koyamba, diso lake louma. "Iwe ndi uja wa pakamwa."

"Ndine ndemwe. Mudzanditukwane bwino mawa, ndidzabwera ndekha kudzakhala pansi. Koma mcherewu mwautenga kuti?"

"M'nyumba mulibe kanthu. Munataya zonse dzulo. Ndagula."

"Kuti?"

"Maokala atatu andibweza. Akuti mkazi wa mbava sagulitsidwa. Wandimvera chisoni ndi Irene yekha."

"Irene wake uti?"

"Mkazi wa Likoswe. Mwamuna kunalibe. Wang'amba pa msomali, wakulunga, wati pitani msanga asanabwere."

Enifa anatembenuza kapepalako. Kumbuyo kunali mikwingwirima ya botolo. Koma kunalibe phala lomatira ngakhale dontho, ndipo m'munsi mwa minda, pamene pamayenera kukhala mawu, panali poyera. Pepala limeneli silinamatidwepo pa mtengo uliwonse. Linali loyeserera, lotayidwa ndi wodinda asanalembe mawu. Pepala lotere munthu sulitola panjira. Limatsala pomwe ntchito inagwiridwira.

Anamuonetsa Kizito kumbuyo kwa kapepalako. Wapolisiyo anabweza Che Abasi m'chitokosi, anakhoma, naika kiyi m'thumba.

"Kwera pa kaliyala," anatero. "Ugwiritse."

* * *

Sitolo ya a Likoswe inali itavala Khirisimasi. Mabaluni pakhomo, timapepala tonyezimira m'denga, wailesi ikuimba nyimbo za kubadwa kwa Yesu. Anthu anali thithithi, ena a kwa Malindima omwe, akugula machesi ndi palafini poti m'nyumba munalibe chotsala. A Likoswe anali kuseri kwa kauntala, tayi ali pakhosi, akazi awo mai Irene akuyeza shuga pambali.

"Bwana Kizito! Takulandirani. Mbava ija yapita?"

"Galimoto sinafike."

"Zomvetsa chisoni. Munthu wamkulu ngati uja. Tikumupempherera. Nanga mwana wathuyu, mayi ali bwanji? Uwauze kuti mpingo sudzawasiya."

Enifa anangowadutsa. Analunjika kwa mai Irene. "Amayi, ndipatseni mchere wa pa kapu kakang'ono."

Mai Irene anamwetulira mwachifundo, natambasulira dzanja ku msomali wa pa khoma, pamene panali mulu wa mapepala odulidwa panayi. Anathothola limodzi. Lisanafike pa kauntala, Kizito analigwira.

"Tsitsani mulu wonsewo, amayi."

"Mapepala okulungira awa, bwana?" Mayiyo anaseka modabwa, koma anatsitsa. "Ndi zinyalala chabe. Ndawapeza dzulo m'chipinda chosungira katundu, atapanikizidwa kuseri kwa matumba a shuga. Ndiye ndinati bambo amakalipa pepala likatayidwa, paja amati ngakhale lakuda mbali imodzi limakulunga. Ndangowadula."

"Irene," anatero a Likoswe. Liwu lokhalo.

Enifa anakankhira sikelo kumbali n'kuyamba kulumikiza zidutswazo pa kauntala. Maso ake anali atazolowera kale. Tsiku lonse anali akuyenda m'phiri limeneli. Nyenyezi apa. Mwezi apa. Mvula kumanzere. Phiri loyamba linaima: lodetsedwa, penti atadzaza m'mizere yonse moti mpunga sunkaoneka, koma mng'alu uli waufupi, utalekezera pa mitengo yoyamba, pomwe Che Abasi anausiyira. Phiri lachiwiri chimodzimodzi, phala lokhalokha. Lachitatu loipa koposa. Wodindayo anali atalephera katatu, thabwa litatsekeka ndi penti.

Pepala lachinayi linatuluka loyera bwino, phesi lililonse likuoneka, chifukwa thabwa linali litatsukidwa. Ndipo phiri linali litang'ambika kuyambira kumwamba mpaka pansi.

Wina anazimitsa wailesi. Anthu anasendera, makosi atatalika, akuyang'ana mapiri anayiwo ngati akuona manda akutseguka. Mai Irene anayang'ana mapepala, anayang'ana amuna awo, ndipo kapu ya mchere inawapulumuka.

"Lamulungu masana," ananong'ona, ngati akulankhula okha. "Munati mukutsuka thireyi ya mabanzi…"

"Khala chete, iwe!" A Likoswe anakoka tayi. "Bwana, mapepala amalowa m'sitolo m'njira zambiri. Ine ndinali pa bwalo tsiku lonse, anthu awa ndi mboni. Ndinkamwetsa ana awo madzi!"

"Munkatimwetsa madzi kuti tisachoke pa mzere," anatero bambo wina wa kwa Malindima, pang'onopang'ono, ngati akudzidzimuka kutulo. "Titafuna kubwerera naini koloko, ndinu munati tidikire, lole ili panjira."

Kunja kunamveka hutala. Galimoto ya polisi yochokera ku Zomba inali itaima pamsewu, dalaivala ataona njinga ya boma pakhomo. Kizito anapita pa chitseko, naikodola ndi dzanja kuti ikhote, kenako anaima pomwepo, mapewa atadzaza khomo lonse.

Abambo awiri anali atayamba kale kukunga zibakera. Enifa anawatembenukira, maso ali psu.

"Wokhudza munthuyu ayambe wandimenya ine! Dzulo tinaphwanya dzanja la munthu tisanamve, ndipo woyambitsa ndinali ine. Lero timva kaye. Ayankhe ndi pakamwa pake, tonse tili pano."

Anatsamira pa kauntala, naika chala pa mng'alu wa phiri lachinayi. Mawu ake anatsika, koma anamveka mpaka kunja.

"A Likoswe, dzulo pamaso pa mudzi wonse munati thabwa simunaligwirepo. Munauza munthu wosala kuti aope Mulungu. Panopa ali m'chitokosi, dzanja lili chotupa, galimoto yomutenga ndi iyo yaima apo. Ndiye tiuzeni. Phiri ili linang'ambikira m'manja mwa yani? Thabwa la Che Abasi mwaliika kuti, ndipo pikapu yoyera ija yakatula kuti katundu wathu? Musayang'ane akazi anu, yang'anani ine. Yankhani!"